Magiya 21 ndi Ndowa Imodzi ya Feteleza

Lolemba

Lole ya feteleza wa makuponi ikufika ku depoti ya pa Kaluluma Loweruka. Alengeza dzulo kutchalitchi.

Ife kuponi tilibe chaka chino. Dzina lotuluka pabanja pano ndi la apongozi, amayi awo a akazi anga. Matumba awiri, wokulitsa ndi wobereketsa. Uthenga wadzera mwa amake Dalitso monga mwa nthawi zonse, pakuti zaka zisanu ndi zinayi ndili pa chikamwini pano ine ndi apongozi sitinayankhulanepo maso ndi maso. Akuti: "Bambo a Dalitso akanyamule matumbawo pa njinga yawo yodabwitsa ija. Akafika nawo bwino, ndowa imodzi ndi yawo."

Ndowa imodzi! Ndiye kuti chimanga chonse cha kuseri kwa chigafa chadya.

Njingayo ndi ya magiya 21, matayala a mano ngati a thirakitala, yopangidwira m'mapiri. Ndinasinthanitsa ndi njinga yanga yakale yakuda ija kwa a Mwale aphunzitsi, n'kuwonjezapo mbuzi. Ndiulule pano, popeza pepala siliuza munthu: sindinaifunire ntchito. Ndinaifuna chifukwa anthu amacheuka ikamadutsa. Ambuye mukudziwa. Kuno phiri kulibe. Pakati pa kwathu ndi Kaluluma pali zotsetsereka ziwiri zokha, zotsikira m'madambo, kwinako ndi see ngati mphasa.

Mmene ilili lero:
- magiya ogwira: atatu
- mabuleki a kutsogolo: amalira ngati nkhumba yomangidwa, koma osaimitsa
- a kumbuyo: ukawagwira Lachinayi njinga imaima Lachisanu
- tcheni: chimadumpha ndikapalasa mwamphamvu
- kaliyala: kawaya chabe, woyenera buku la nyimbo

Sindigula mwachimbulimbuli. Sayansi ndinakhoza pa Fomu 4. Ndiyerekeza zipangizo za makampani onse, ndisankhe chabwino pa chilichonse. Ndajambula kale mizere ndi lula.

Kwa amake Dalitso ndanena kuti ndi "kungothira girizi". Bodza loyamba la sabata ino.

Lachiwiri

Ndili pa Kaluluma ndi kope langa. Atambala awiri a m'khola agulitsidwa, musandifunse.

Mitundu ya zipangizo ilipo itatu. Mayina ake enieni palibe amawatchula, anthu amangoona chithunzi cha pa bokosi: za Mphenzi, za Nkhanga, ndi zopanda bokosi zomwe amazigulitsa m'beseni pakhonde.

Wa golosale ya Mphenzi: "Nkhanga? Achimwene, imeneyo ndi sopo, mvula ikagwa imasungunuka."

Wa golosale ya Nkhanga, moyang'anizana naye: "Mphenzi imawala kamodzi basi."

Onse awiri amaimba kwaya imodzi.

Mphira za mabuleki, zofinya limu zija. Ndaziyesa pozikhutiza pa simenti ndi poziluma.
- Mphenzi: zolimba, dzino silikulowa, zofiira mokongola
- Nkhanga: zofewa, zikusiya mzere wakuda
- za m'beseni: imodzi yolimba, inzake yofewa, fungo la tayala lopsa

Tcheni.
- Mphenzi: chopyapyala ngati mkanda wa mkwatibwi
- Nkhanga: chonenepa, cholemera, chomangira ng'ombe chenicheni
- cha m'beseni: dzimbiri laulere

Kopotokola ka pa handulo kosinthira magiya: ka Mphenzi kali ndi manambala ndipo kamalira "thi, thi". Ka Nkhanga kalibe manambala. Munthu wopita kusukulu sangapalase osadziwa nambala.

A Zimba, okonza njinga patsinde pa mango paja, akuyang'ana kope langa nthawi yaitali. "Yayi adada, ibweretseni kuno njingayo. Waya mmodzi ndi mafuta, mawa mukwera." Ndawathokoza mwaulemu. Mumtima ndati: awa sukulu analekezera Sitandade 5. Tchimo lachiwiri, ndipo ili ndi lalikulu.

Ndasankha: mphira za Mphenzi, kopotokola ka Mphenzi, tcheni cha Nkhanga. Chabwino cha uku, chabwino cha uko. Njinga yotere sinaonekepo Kasungu yense!

Lachitatu

Ndamasula zonse. Zili ndondondo pa mphasa, manati m'lichero.

Amake Dalitso aima ndi khasu paphewa: "Girizi wake amathira chonchi?" Apita kudimba kukathirira nazale okha. Fodya watsala pang'ono kuwokera, ntchito ya anthu awiri.

Zomwe ndaphunzira lero:

1. Tcheni chonenepa ndi cha njinga yakuda, ya giya imodzi. Kumbuyo kwa yangayi kuli timagudumu ta mano tisanu ndi tiwiri tothithikana, ndipo tchenicho sichikulowa pakati pake. Chikungokhala pamwamba ngati nkhuku pa mazira a bakha.

2. Kopotokola ka Mphenzi kamakoka waya mwa muyeso wa kwawo. Kamkono ka kumbuyo kokankha tcheni ndi ka kampani ina, kamamva muyeso wina. Ndikaika pa 3, iko kakupita pakati pa 4 ndi 5. Ndikaika pa 7, kakufuna kulowa m'masipoko.

3. Mphira za Mphenzi zili ndi kamtengo ka mazinga komangira nati. Za njinga yanga zimafuna kosalala.

Pa bokosi sanalembe zimenezi. Kapena analemba, koma m'zilembo za kwawo.

Tcheni chakale ndinachidula m'mawa ndi chizulo, pofulumira. Ndachiyang'ana kawiri. Sichibwerera.

Nati imodzi yasowa. Nkhuku ya mawanga ikuyenda modzikweza.

Apongozi adutsa chapatali ndi mtolo wa nkhuni, sanayang'ane kuno, monga mwa ulemu. Koma anachepetsa liwiro. Ndaona.

Masiku atsala atatu. Ambuye, ndowa ija.

Lachinayi

Njinga paphewa, zipangizo m'thumba, wapansi mpaka pa Kaluluma. Aliyense wokumana naye: "Pepani, ngozi?" Inde ngozi, koma ya m'mutu.

Wa Nkhanga akuti chotsegulidwa sichibwerera. Wa Mphenzi akuti vuto ndi Nkhanga, ndigule zonse za Mphenzi kuyambira pa handulo mpaka kumbuyo. Atambala anatha.

A Zimba sanaseke. Bola akanaseka. Atembenuza njinga miyendo m'mwamba, ayang'ana, ati: "Mwakwatitsa anthu osadziwana, adada, popanda ankhoswe."

Chithandizo chawo: achotsa kamkono ka kumbuyo, achotsa kopotokola, afupikitsa tcheni cha Nkhanga n'kuchikoleka pa gudumu lalikulu la mano, lokhalo lomwe chikukhalapo osakhula anzake.

Magiya: Lolemba atatu, lero imodzi. Ndipo ndi ija yokwerera phiri.

Ndayesa pobwerera. Miyendo ikuzungulira ngati chigayo, njinga ikuyenda ngati ikuperekeza maliro. Mayi wina wosenza mtanga wandipitirira, wandipatsa moni, wandipitiriranso nditapuma.

Mphira za Mphenzi a Zimba akana kuzimanga. "Izi sizanu. Mukazikakamiza, mudzandikumbuka." Ndazimanga ndekha kunyumba ndi waya wa pa chigafa.

Mapemphero a m'mudzi ndajomba, ndipo ndine ndimayenera kutsegula ndi pemphero. Ndatumiza mawu akuti mutu. Si bodza kwenikweni.

Lachisanu

Kaliyala. Wa kawaya uja sanganyamule matumba awiri. Owotcherera andipangira wina ndi zitsulo za bedi lakale. Wolimba zedi, ngakhale ng'ombe ingakhalepo.

Koma miyendo yake yadutsa ndendende pamene pamakhala mabuleki a kumbuyo. Owotchererawo: "Musankhe, bambo, kunyamula kapena kuima." Ndasankha kunyamula.

Atsala a kutsogolo okha. Ndikawayese pa njira ya kudimba.

Kuyesa koyamba: Mphenzi imagwira! Tayala laima pomwepo, ine ayi. Ndadutsa pamwamba pa handulo n'kugwera m'bedi la nazale, pamaso pa amake Dalitso. Mbande zophwanyika ndi zambiri ndithu. Ndinatchula mawu ena ndili m'malere, sindiwalemba. Ndapepesa kale kumwamba, pansi pano sanandiyankhe.

Ndamasulako waya pang'ono.

Kuyesa kwachiwiri: sakugwira n'komwe. Ndaima ndi mapazi.

Kuyesa kwachitatu: akugwira akafuna.

Pakati pa "kwambiri" ndi "ayi" payenera kukhala malo ena, koma ndi pulayasi sindikuwapeza.

Amake Dalitso, akutola mbande: "Yakuda ija inkanyamula matumba atatu ndi ine pamwamba." Ndi zoona. A Mwale amadutsa nayo pano m'mawa uliwonse, sinalirepo n'kamodzi komwe.

Mawa sapita nawo, akuti akonze zomwe ndaphwanya. Ndiye kuti ine ndi apongozi awiriwiri, popanda wotinenera.

Ndaganiza zokabwereka ngolo kwa a Jere. Ndaganizanso mmene anthu anganenere. Sindinapite. Kunyada kumeneku, Ambuye, mukuchotse, koma mwina kuyambira Lolemba.

Loweruka

Apongozi alawira m'mamawa kukaima pa mzere. Ine ndanyamuka pambuyo pawo pa njinga, ndafika pambuyo pawo.

Lole yabweradi. Dzuwa, fumbi, kukankhana. Masana dzina lawo laitanidwa, matumba awiri atuluka. Ndamanga ndi zingwe za chubu, kaliyala ali nji. Anyamata a kabaza azungulira: "Abusa, magiya enawo mwasungira Khirisimasi?" Sindine m'busa, akudziwa.

Kupalasa sikutheka, tayala la kutsogolo likunyamuka. Ndikukankha. Apongozi m'mbuyo, mapazi khumi, maso kumbali.

Dambo loyamba. Njinga yayamba kundikoka. Ndagwira buleki: zii. Ndafinya ndi mphamvu: "thaa!" Mphira yofiira yauluka ngati chiwala, sindinaione komwe yagwera. Ndikuthamanga pambali pa njinga, kenaka njinga ikuthamanga yokha. Yakagwa pa chitsa. Thumba la wobereketsa lang'ambika pamimba.

Mbuu pamchenga, ngati matalala.

Tikuwola ndi manja, aliyense mbali yake, osayang'anana. Apongozi avula chitenje chapamwamba, tikuthira mmenemo, mchenga ndi zinyalala zomwe. Chibowo atseka ndi minga ndi luzi. Munthu wodutsa palibe. Wotinenera palibe.

Kenaka atembenukira kwa njinga, ili chigonere, tayala likuzungulirabe.

"Iwe njinga, uwauze eni ako kuti kutsogoloku kuli dambo lina."

Ndayankha kwa njinga yomweyo kuti eni ake akudziwa, ndipo akupepesa kwambiri.

Avula patapata ya kumanzere, aiika pa chishalo, pamodzi ndi kampeni kawo kosendera chinangwa.

"Uwauze adule ku chidendene, tizidutswa tiwiri. Malemu amuna anga ankatero pa yawo, mpaka ku Boma ndi mabelo a fodya. Sanagwepo."

Ndadula. Nsapato ya apongozi! Ndamanga tizidutswato ndi waya womwe uja, m'malo mwa Mphenzi.

Dambo lachiwiri: ndafinya pang'ono, njinga yamvera pang'ono. Ndafinya kwambiri, yaima mwaulemu. Osalira, osadumpha. Malo aja ndimawafuna dzulo ndi pulayasi ali mu patapata.

Tafika dzuwa likulowa.

Lamulungu

Apongozi abwera kutchalitchi ndi patapata yomweyo. Akhala pa mphasa ya kutsogolo, atambalala miyendo. Mabala awiri a makona anayi, odulidwa mwaluso, akuonekera mpaka kwa akulu a mpingo. Amayi akunong'onezana. Sindinamve ulaliki. Pa pemphero loulula machimo ndinatsalira ndekha ena atanena kale ameni.

A Mwale panja: "Ku Boma kwabwera mabuleki a mafuta, a kambale, opanda waya. Mukawaone." Ndawauza kuti lero ndi Sabata.

Zotsatira za kafukufuku, kuti kope litsekedwe:
- tcheni cha Nkhanga: cholimba, cha njinga ina
- kopotokola ka Mphenzi: kali pawindo, kamalirabe "thi, thi"
- mphira za Mphenzi: imodzi m'thumba, inzake ku dambo
- za m'beseni: sindinaziyese pa njinga, mwina ndinazilakwira
- patapata: yoyamba pa zonse, kampani yake siidziwika, dzina linafufutika ndi chidendene

Magiya: imodzi. Mabuleki: a apongozi.

Madzulo amake Dalitso abwera ndi ndowa, aitula pakhomo. Yodzaza mpaka m'milomo. Ndi uja wa m'chitenje: feteleza, mchenga, timitengo, ndi manyi a mbuzi atatu omwe ndawaona. Apongozi akuti lonjezo ndi lonjezo, ndowa ndi imeneyo, ndinadzisankhira ndekha pa chitsa paja. Sindingapete lero. Mawa ndibwereka lichero la amake Dalitso lija, ndikachotsamo manati otsala.

Akutinso ndisavutike kuwagulira patapata ina. Ya kumanja aisunga bwino, ndikadzamaliza iyi ndidzangotuma njinga.