Galimoto ya Mkamwini

Lolemba

Ndayamba kope latsopano chifukwa nkhani yake ndi yaikulu. Ndikupanga galimoto!

Zimene ndili nazo:
chasisi cha bokosibode yakale, chogula ku Liwonde;
matayala anayi, atatu mwa iwo ofanana;
chiwongolero;
injini ya pampu ya madzi;
mpando wa basi wokhala anthu awiri;
mapaipi ndi tizitsulo, mulu.

Zimene ndilibe: chowotcherera, choti zonsezi zikhale chinthu chimodzi.

Zaka khumi ndi chimodzi ndili pachikamwini kuno kwa Kawinga. Mango ndinabzala ine. Khitchini ndinamanga ine. Koma amalume a akazi anga, amene tonse timangoti a Mjomba, lamulo lawo ndi limodzi: chilichonse chozikika m'nthaka ya pano ndi cha pamudzi pano, mkamwini chake ndi chimene angachoke nacho. Chabwino. Galimoto ili ndi matayala. Lamulungu likubwerali ndikalowa nayo kwathu ku Phalula, amayi akaone kuti mwana wawo ali ndi kanthu kakekake. Zimandiwawa, sindibisa.

Chasisi ndachiika pakati pa njanji ziwiri zimene a Mjomba anazika ndi simenti pabwalo kalekale, ati adzamangepo chigayo. Chigayocho sichinabwere. Kumene anazitenga njanjizo, palibe amafunsa.

Ntchito yowotcherera ndimaidziwa. Ku Joni ndinatha zaka ziwiri ndikunyamulira mabotolo mzungu wowotcherera. Kungoti iye akamayatsa ankandiuza kuti ndiyang'ane kumbali. Ndiye ndimaidziwa bwino ndithu, koma ndi makutu okha.

Akazi anga, Abiti Lajabu, andifunsa chinthu chimodzi: "Ku Phalulako mukabwerako liti?" Ndayankha kuti galimoto ilibe ndi mabuleki omwe, zobwerera tidzaona. Sanaseke. Kaya akukumbuka mwamuna wa mng'ono wawo, amene anagula njinga chaka chatha n'kupita kukaiyesa ku Ntaja. Mpaka lero akuyesabe.

Lachiwiri

Ndili pa Nselema, kwa Che Bwanali wokonza njinga. Iwo amawotcherera ndi gasi. Ali ndi chigubu chimene amaponyamo timiyala totuwa ta kabaidi, kuthira madzi, gasi n'kumatuluka. Pambali pali botolo lalitali la mpweya lochokera ku Limbe. Fungo lake ngati adyo wovunda.

"Gasi ndiye mfumu," akutero. "Amamata, amapinda, amadula. Magetsi amangodziwa kumata basi."

Ndawayang'ana bwinobwino kumaso. Nsidze alibe. Ndevu zili mbali imodzi.

Akuti malawi alipo a mitundu itatu: lofuka utsi, lolira ngati njoka, ndi lina lapakati. Loyenera ndi lapakatilo. Ndafunsa kuti umalidziwa bwanji. Akuti ukapsa kokwanira umalidziwa.

Ubwino wa gasi: safuna magetsi, amadula, Che Bwanali ali pafupi.
Kuipa kwa gasi: nsidze.

Kenako andifunsa kuti chitsulo changa n'chokhuthala bwanji. Ndawaonetsa chala. Apukusa mutu. Akuti kamlomo ka chida chawo n'kakang'ono, n'ka mapaipi a njinga, chasisi chikhoza kumwa botolo lonse chisanafiire n'komwe. Ndiye mfumu ija ndi mfumu ya njinga zokha? Akuti iyayi, ndi mfumu ya zonse, kungoti zina sizimvera.

Ndabwerera kunyumba mutu ukuzungulira. Kaya ndi kabaidi, kaya ndi nkhani.

Lachitatu

Basi ya m'mamawa, ulendo wa ku Balaka. Pokwerera afuna khadi la chipani, pa Liwonde afunanso, pakhomo la msika wa Balaka afunanso kachitatu. Khadi lilipo. Chisoni n'choti silowotcherera.

M'sitolo ya zitsulo muli makina a magetsi, chibokosi chofiira cholemera ngati thumba la simenti, chili ndi mawaya awiri okhuthala. Wogulitsa ndi mnyamata wa tayi, amalankhula ngati wailesi. Akuti waya mmodzi umagwira ndodo yowotcherera, wina umapanidwa pachitsulo. Akuti gasi ndi za anthu akale. Wandifunsa mafunso atatu ndipo onse ndalephera:

Ndikufuna mphamvu zingati? Ndati zokwanira galimoto imodzi.
Ndodo nambala 10 kapena 12? Ndati 12, chifukwa chasisi n'chachikulu. Akuti 12 ndiyo yaing'ono, 10 ndiyo yaikulu. Eti nambala ikamakula ndodo imachepa. Ndani anakonza zimenezi?
Kwanu magetsi alipo?

Kwathu kulibe. Magetsi omaliza ndinawasiya pa Liwonde. Nkhani imeneyi ndinayenera kuiganiza ndisanakwere basi.

Kutuluka chimanjamanja ndachita manyazi, ndiye ndagula paketi ya ndodo nambala 10. Tsopano ndili ndi ndodo zopanda makina, pamene dzulo ndinapeza makina osafuna ndodo.

Basi yobwerera kumudzi yandisiya pa Liwonde. Mwamwayi pomwepo ndakumana ndi Che Juma a m'mudzi mwathu, oyendetsa lole yonyamula mpunga, ndipo andikweza. Aona paketi ija pamiyendo panga, aseka mpaka kutsokomola. Akuti makina a chiyani? Mabatire atatu a galimoto kuwalumikiza mndandanda, basi, moto umatuluka. Iwo anawotchererapo chitseko cha lole m'thengo, ndipo mpaka pano sichinatsegukepo.

Ndiye njira zakwana zitatu. Lolemba ndinalibe ndi imodzi yomwe, koma ndinkagona tulo.

Lachinayi

Tsiku lonse ndakhala pampando wa basi uja, kope m'manja.

Gasi: alipo, koma kamlomo n'kakang'ono.
Makina a ku Balaka: ndi amphamvu, koma magetsi kulibe.
Mabatire: Che Juma ali nawo awiri, ndipo mawa ndi Ijumaa, tsiku la mapemphero, lole siyenda. Batire lachitatu lisowa.

Ndawerenga kuchokera pamwamba, ndawerenganso kuchokera pansi. Yankho silikusintha, palibe.

Abiti Lajabu amasenda chinangwa pakhonde, ine n'kumaganiza kuti sakumva. Mwadzidzidzi afunsa: "Pa zitatuzo, chimene chimamata koma osadula ndi chiti?" Ndati magetsi, kaya a bokosi kaya a mabatire. "Tengani chimenecho," atero. "Inu mukufuna kulumikiza, zodula n'zachiyani?"

Nzeru zake! Sabata yonse akatswiri akhala akundizunguza, mayi wosenda chinangwa wamaliza nkhani ndi funso limodzi. Ndawayamikira kwambiri.

Sanalekere pomwepo. Apita okha kwa a Mjomba kukapempha batire la wailesi yawo, lija salola ngakhale nkhuku kulidumpha. A Mjomba alibweretsa okha, akumwetulira. Zaka khumi ndi chimodzi sanandibwerekepo ndi singano yomwe. Sindikumvetsa, koma mwina ayamba kundiona ngati munthu.

Madzulo Che Juma abwera kudzaona chasisi. Akuti chitsulo chikatentha chimapindika, galimoto ikhoza kumayenda chammbali ngati nkhanu. Ndiye ndiyambe ndachigwiriza ku njanji zija ndi timadontho tiwiri, kuno kamodzi uko kamodzi. Ndikamaliza, nyundo kamodzi kokha, tidzathothoka. Timadontho tiwiri. Ndalemba.

Magalasi akuda ndayiwala kugula. Ndaphwanya botolo lofiirira, chidutswa ndachidetsa ndi mwaye wa koloboyi.

Lachisanu

Anthu atuluka ku mzikiti, Che Juma atsitsa mabatire awo, alumikiza onse atatu, n'kupita kukagona. Mudzi wonse waima patali.

Zimene ndaphunzira lero:
Ndodo imakakamira pachitsulo. Ukaikoka imakana, ukaisiya imafiira.
Galasi langa ndi labwino kwambiri: silionetsa moto, silionetsa chitsulo, silionetsa kanthu.
Ukalichotsa umaona zonse kamodzi, kenako umaona mdima wobiriwira.
Phokoso lake ndi lomwe lija la ku Joni. Pamenepo pokha ndili ndi chitsimikizo.

Poona kuti ndikuwotcherera mpweya, Abiti Lajabu abwera kudzandithandiza. Iwo amagwira dzanja langa, kuika nsonga ya ndodo pamalo pake, n'kutembenuka. Ine n'kuyatsa. Tayamba ndi timadontho ta pa njanji tija.

"Apa," akutero. Ndawotcha. "Apa sipanagwire." Ndawotcha. "Apanso." Ndafunsa ngati sitinapitirire tiwiri. Akuti nanga amene akuona ndani, inu kapena ine? Zoona, akuona ndi iwo.

Theka la paketi lathera pamenepo. Ndinadabwa pang'ono, koma ndinaganiza kuti njanji ndi chitsulo cha boma, mwina chimadya kwambiri.

Zotsalazo tamata nazo mpando, chiwongolero, ndi mwendo umodzi wa injini. Pofika nthawi ya pemphero la Asiri moto wayamba kufooka, kenako zii. Mabatire atha. Koma galimoto ikuoneka! Ana akuizungulira. A Mjomba ayang'ana pa njanji nthawi yaitali, n'kunena mawu amodzi okha a Chiyao: "Chambone." Andiyamikira, ine!

Loweruka

M'maso muli mchenga. Misozi ikungotuluka yokha. Abiti Lajabu andiika tizidutswa ta mbatata pazikope. Ndikulemba ndi diso limodzi.

Lole ya Che Juma yakana kulira. Amuna asanu ndi atatu aikankha mpaka kumsewu, Che Juma akulankhula Chiyao chimene sindinachiphunzirebe. Wailesi ya a Mjomba nayo ili chete.

Amuna omwewo ndawapempha akankheko yanga. Kaye ndatenga nyundo kuti ndithothole timadontho tiwiri tija. Ndamenya kamodzi. Njanji yalira ngati belu la sukulu. Ndamenya kakhumi. Ndatsegula diso lachiwiri kuti ndione bwino.

Si timadontho. Ndi mzere wathunthu, kuchokera pamwamba mpaka pansi, njanji zonse ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Wonyansa ngati chisa cha mavu, koma wogwira. Mwa zonse ndinawotcherera dzulo, pogwira ndi pomwepa pokha, chifukwa chiwongolero chatsalira m'manja mwa munthu woyamba kuchigwira.

Takankha tonse. Matayala akufuna kupita, galimoto ikukana.

Sowo yodulira zitsulo: yathyoka.
Tchizulo: chapindika.
Mabatire: samadula, ndipo atha.
Chotsala: gasi.

Ndatumiza uthenga ku Nselema. Che Bwanali abwera ndi botolo lawo pa njinga, thukuta lili kamukamu. Akuti kumata chasisi sakanatha, koma kudula angayese. Ayandikira, aona njanji, abwerera m'mbuyo masitepe atatu. Akuti chitsulo ichi iwo sanachione, pano sanafikepo, ndipo ali ndi ana. Akwera njinga. Wodula wina ali ku Liwonde, koma ameneyo angayambe wafunsa kumene njanji zinachokera, ndiye tonse tikafotokozere kutsogolo.

A Mjomba adikira mpaka anthu achuluke. Agogoda njanji ndi ndodo yawo, agogoda chasisi, afunsa anthu ngati ichi ndi chinthu chimodzi kapena ziwiri. Onse ati chimodzi. Afunsa ngati chili m'nthaka. Onse ati elo, chili m'nthaka.

"Sikomo, akamwini," atero. "Mwatimangira chinthu chokongola."

Lamulungu

Lero ndi tsiku limene ndimayenera kulowa m'Phalula ndikuliza hutala. Hutala ndinalibe, koma ndikanakuwa.

Ndakhala m'galimoto ya pamudzi pano, pampando wa dalaivala, chiwongolero pamiyendo. Nkhuku yayamba kale kuikira pansi pa injini. A Mjomba akuti adzafoleratu denga, pazikhala pokambira milandu.

Ndawerenganso kope lonse kuti ndipeze pamene ndinalakwa. Gasi, bokosi, mabatire. Ndikaona bwino, kusankha sindinasankhe ine.

Abiti Lajabu akwera, akhala mbali inayo ya mpando ndi lichero la nandolo. Tonse tikuyang'ana kutsogolo ngati tili paulendo. Kenako ndafunsa kuti timadontho tiwiri tinakhala bwanji mzere.

Iwo ayankha ndi funso lawo la Lolemba lija: "Ku Phalulako mumati mukabwerako liti?"

Ndati Lachiwiri, nanga mbeu ya mtedza ndikanasiyira yani? Ndiponso mpandowu ndinagula wa anthu awiri, amaganiza kuti winayo ndani?

Asiya kusenda. Andiyang'ana nthawi yaitali, maso awo ofiira kuposa anga, chonsecho iwo moto sanauyang'ane.

"Mukanayankha choncho Lolemba," atero, "ndikanaloza tiwiri tokha."

Ndinafuna kukwiya. Ndayesetsa ndithu, koma mkwiyo wake wangokhala ngati mabatire a Lachisanu madzulo. Zaka zonsezi ndimadandaula kuti pamudzi pano ndilibe changa, osadziwa kuti pali munthu amene sagona poopa kuti ndingapeze matayala.

Mawa tikwera basi ya m'mamawa, anthu awiri, makhadi m'thumba. Amayi ndikawauza kuti galimoto ndinapanga, ndi yolimba kwambiri, moti amuna asanu ndi atatu analephera kuisuntha.

Zanga zotsala: ndodo zinayi, nambala 10. Ndazipachika kudenga. Pansi sindiziikanso.