Chipewa cha Magetsi cha Apongozi

Lolemba, 11 Juni
Apongozi anga aakazi sakudyabe. Chimwalirireni amuna awo mu Malichi amangokhala pakhonde, duu, osayankhula, osapita kumunda. Aonda, chitenje chikuwazungulira kawiri. Amake Tadala, mkazi wanga, akumalirira kubafa. Zikundiwawa ineyo.

Lero ndikukonza fiuzi kuchipatala cha pa esiteti, adokotala a pamenepo, a ku Mzimba, akundiuza kuti kwa Azungu akuyesa kuchiza kukhumudwa ndi timagetsi tochepa tongoika pamutu, osang'amba. "Koma inu musayerekeze, ingobwerani nawo kuno mayiwo." Aaa! Ine wokalambira pa magetsi a kufakitale ya tiyi? Mutu ndi mota zikusiyana pati?

Lachiwiri, 12
Zofunika: chipewa chaubweya, mawaya, siponji yotsukira mbale, madzi amchere, mabatire. Mabatire ndazula mu wailesi ya apongozi, sakuimvera ndi kale. Chatheka! Chikungooneka ngati nkhanu, koma mankhwala sayendera nkhope.

Lachitatu, 13
Vuto. Awaveke ndani? Ine pano ndine mkamwini. Ndikakumana nawo panjira ndimapatukira patchire, moni ndimaperekera kuseri kwa nkhokwe nditanjuta. Ndiye lero ndikawagwire kumutu? Amake Tadala akanitsitsa kuwaveka: "Mukufuna muwawaule amayi anga ngati mbewa?"

Nzeru ina: kuwaveka ndili patali, ndi nsungwi yothyolera mapeyala ija. Ndayeserera pa dzungu. Dzungu lagubuduzika mpaka kudimba.

Lachinayi, 14
Amake Tadala akuti ndiyambe ndine, poti ndine wodwala kwambiri pakhomo pano. Ndavala. Palibe chikuchitika, mchere wokha ukulowa m'maso. Mabatire ofooka awa. Alamu anga oyendetsa thirakitala andibwereka batire lakale, lolemera ngati mwala wamphero. Mbiri yafika kale ku Khonjeni, ati ndikupanga ndege yaufiti. Nsanje basi!

Lachisanu, 15
Chiperoni, kuzizira koopsa. Amake Tadala atulukira za wailesi. Kani apongozi amaimvera m'mawa uliwonse, motsitsa, atafunda bulangeti, pulogalamu ya nyimbo zomwe malemu ankakonda. Masiku atatu akhala akungoipotokola osauza munthu. Ndachita manyazi, mtima wandiwawa. Mabatire ndabweza. Ndiwo zanga lero zilibe mchere, ati ndinathera pa siponji.

Loweruka, 16
Kuyesa komaliza, kuseri kwa nyumba, pafupi ndi kamunda ka tiyi ka apongozi koduliridwa kumene. Batire la thirakitala pansi, chipewa kumutu. Mawaya agundana, phaa! Ubweya ukufuka utsi. Ndikudumpha, ndikutembenuka, maso ndi maso ndi apongozi, akuchokera kuchimbudzi.

Ulemu ukuti njuta, moto ukuti thawa. Ndachita zonse ziwiri. Ndathawa chambuyo chonjuta, waya wandikola, ndagwa chagada pa zitsa zosongoka za tiyi, miyendo m'mwamba, mutu ukufuka, m'manja ndikuombabe: "Mwaswera bwanji amayi?"

Kenaka mawu omwe sitinawamve chiyambire Malichi. Akuseka! Agwira nthiti, akhala pansi, akundiloza, akuyankhula Chilomwe chothamanga chomwe sindikuchimva. Kusekako kwasanduka kulira, kulira kwenikweni, akutchula dzina la malemu. Amake Tadala awakumbatira. Ine wondizula pazitsa palibe. Madzulo adya mbatata ziwiri ndi tiyi.

Lamulungu, 17
Kukhala pansi sikukutheka, kutchalitchi ndaimirira mpaka dalitso. Nsidze imodzi kulibe. Apongozi avomera kupita kwa adokotala mawa pa kabaza, monga anandiuza adokotalawo Lolemba lija.

Chipewa ndimati ndikachiponye m'chimbudzi, koma atumiza mawu kudzera mwa mwana wawo, monga mwa mwambo: "Mankhwala a akamwini ndi amphamvu. Uwauze avalenso Lachitatu, ine ndizidzaonerera pakhonde."

Chabwino. Ndachipachika pamsomali. Bola azidya.