Mmene ndinatsatsira malungo a ku Ngala

Mpaka lero ku Ngala kuli amayi ena amene akandiona amafuula kuti, "Kaya malungo kumeneko?" kenako n'kugwa nako kuseka. Ndimayankha mwaulemu ndithu, poti ndinaziyamba ndekha.

Zinali zaka zija zipani zitachuluka, aliyense akuyesa kabizinesi kake. Amalume anga a Jafali anamanga tizipinda ta alendo m'mbali mwa nyanja, n'kundiika ine woyang'anira chifukwa ndinafika Fomu 4. Alendowo ndiye kunalibe. Magalimoto a azungu ankangodutsa pamsewu waukulu osacheuka n'komwe. Amalume ananena mosapita m'mbali kuti mvula ikagwa zinthu zili chomwechi, m'zipindamo asungiramo mpunga, ndipo ine ndibwerera ku Chia kukalima. (Matope a ku Chia ndimawadziwa bwino. Ndinalumbira kuti phazi langa silipondamonso.)

Ndinamva kuti azungu asananyamuke kwawo amafufuza pogona pa Intaneti. Ndinakwera basi mpaka ku Lilongwe, komwe ndinapeza a Gondwe, bambo wa sitolo ya makompyuta amene ankakonzera anthu masamba a pa Intaneti. Tsamba analikonza, zithunzi anaika, kenako anandipatsa cholembera.

"Munthu akafufuza saona tsamba lonse," anatero. "Amangoona mutu ndi timizere tiwiri pansi pake, n'kusankha kutsegula kapena kupitirira. Lembani mwachidule: malowo ndi a chiyani, ali kuti, kuli zotani."

Zimenezi zinandinyansa. Munthu wosamudziwa ungamuyambe ndi nkhani ya mabedi usanamupatse moni? Kwathu ngakhale wodzabwereka mpeni amayamba wafunsa za ana. Ndinaona kuti a Gondwe tauni yawaononga, ndipo ine ndiwaonetsa azungu kuti ku Nkhotakota kuli anthu oleredwa.

Pamutu ndinalemba liwu limodzi, lakuti takulandirani. Dzina la malo ayi, nyanja ayi. Pansi pake ndinayamba m'Chingerezi changa chabwino chija: "Moni nonse kumeneko. Tikhulupirira muli bwino. Ife kuno ku Ngala, Nkhotakota, tili bwino, kungoti malungo atisautsa kwambiri chaka chino, ana ndi akulu omwe." (Musandiseke. Moni wopanda kunenako za matenda ndi moni wabodza.) Nditatha zimenezo mpamene ndinafotokoza za mchenga, chambo chowotcha ndi mabwato, mpaka pepala linadzaza.

A Gondwe anawerenga n'kukanda mutu. "Achimwene, makina adzadulatu izi."

"Adule kumapeto," ndinatero. "Moni wokha asakhudze."

"Chabwino, malo ndi anu."

Ndinabwerera kwathu ndikuyenda ngati nduna. Ndinauza aliyense kuti dzina la Ngala tsopano lafika ku Ulaya. Ndinapaka laimu, ndinasesa mchenga, ndinachapa makatani amene palibe anali atawadetsa. Masabata anadutsa, phee. Mitambo inayamba kusonkhana cha kuphiri, ndipo tsiku lina ndinapeza amalume akuyeza chitseko cha chipinda choyamba ndi manja, kuona ngati thumba lingalowe chopingasa. Mtima unandiwawa, koma ndinakasesanso mchenga.

Lachiwiri lina masana, galimoto yoyera inakhotera kwathu. Ndinamanga tayi ndikuthamanga. Munatuluka mayi wachizungu ndi Amalawi awiri, ndipo m'malo mwa zovala zosambira anayamba kutsitsa makatoni a maneti a udzudzu.

"Odwala ali kuti?" anafunsa mmodzi wa Amalawiwo.

"Odwala ati, bwana?"

Anali a bungwe lina la zaumoyo. Mayiyo anatulutsa pepala limene anasindikiza atafufuza za malungo ku Nkhotakota, ndipo amene anafunsa za odwala uja analimasulira mokweza, pamaso pa amalume ndi amayi amene anabwera kudzagulitsa tomato. Moni wanga unalipo wonse. Malungo analipo. Pambuyo pa "ana ndi akulu omwe" panali timadontho titatu, basi. Mchenga, chambo, mabwato, zonse makina anadya. Dziko lonse ndinali nditaliuza chinthu chimodzi chokha chokhudza malo athu, chakuti kuno timadwala.

Amayi aja anaseka mpaka wina anakhala pansi. Amalume sanaseke. Anangondiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, "Astaghafiru, Mulungu atikhululukire. Sukulu yonse ija?" Manyazi anandigwira kuchokera kutayi mpaka kumapazi.

Koma poti anthuwo anali atafika kale, ndipo malungowo analikodi, anaganiza zogwira ntchito m'midzi yozungulira. Anafunika pogona. Zipinda zonse zinadzaza, anaitananso anzawo, ndipo mvula inagwa mpunga usanalowemo.

Ine manyazi sanandichoke. Atangonyamuka ndinabwerera kwa a Gondwe, n'kuwauza kuti ulendo uno ndimva zawo. Mutu tinalemba wakuti malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Ngala, Nkhotakota. Pansi pake mawu ochepa okwana bwinobwino: mchenga woyera, chambo chowotcha, zipinda zaukhondo zokhala ndi maneti. Moni ndinauchotsa, ngakhale dzanja linkalemera.

Nditafika ndinawawerengera amalume monyadira. Anamvetsera mpaka kumapeto akusisita ndevu.

"Ndiye malungo aja wachotsa?"

"Ndachotsa, amalume. Ankathamangitsa alendo."

"Alendo ati? Amene anagona muno anabwera ndi chiyani, chambo?" Anaimirira n'kukutumula mkanjo wawo. "Mawa ubwerere. Ukabwezeremo malungowo, ukawonjezenso likodzo. Anthu aja savuta, sadandaula n'za madzi otentha omwe."

Ndinawafotokozera zonse zimene a Gondwe anandiphunzitsa, ndipo ndikudziwa kuti ndinkanena zoona. Koma zipindazo zinali zawo, ndipo ku Chia anali atayamba kuwokera mpunga. Kutacha ndinali pamsewu kudikira basi, ndikuwerengera mumtima ngati matenda awiri angakwane m'timizere tiwiri.