Tizitini ta a Wickson

Amalawi onse a ku Bin Omran, mumzinda wa Doha ku Qatar, ankadziwa kuti malemu a Wickson sankadutsa kachitini ka gasi osakatola. Bambo wamkulu, wokonza mafiriji, dazi lake phuliphuli, koma akaona kachitini kotayidwa mumchenga ankathamanga ngati mwana waona ngumbi.

Amene anazunzika nazo ndi Amidu, mnzawo wokhala nawo nyumba imodzi. Lachisanu lililonse m'nyengo yozizira, gulu likamapita kuchipululu kukawotcha nyama, a Wickson ankakwera galimoto atafungatira silinda yawo yodzazitsa, imene ankaitcha Eveless. Miyendo ya Amidu inkasowa poponda.

"Bambo, bwanji tingogula tizitini totaya tija? N'topepukatu," ankadandaula Amidu.

"Iwe, ukamwa tiyi umataya kapu? Eveless ndamudzazitsa kambirimbiri, sanadwalepo. Tizitini tanuto mumaphikira kamodzi, khalasi, basi kwatha, n'kusiyira ngamila. Chitsulo chimawola?"

Tsiku lina anathamangitsa galimoto ya eni dziko, kachitini kali m'mwamba. "Habibi, bwenzi langa, mwaiwala mwana wanu!" Anthuwo anaseka, n'kuwaonjezera tina tisanu.

Tonseto tinkakathera m'kachipinda ka pansi pa masitepe, kiyi ali m'thumba mwa a Wickson. Tsono bedi la Amidu linatsamira khoma lomwelo. Kutentha kwa Julaye kukafika, Amidu ankangoti mtima phaa akamva ngakhale supuni ikugwa.

"Bambo, tidzaphulikatu ife! Adzatitola ku Corniche, kunyanja uko!"

"Mafi mushkila, mphwanga. Palibe vuto."

Mu 2017 a Wickson anapita kutchuthi kwawo ku Mchinji, ulendo wosabwerera. Unali mtima. Misozi isanaume, mwini nyumba anatulukira, wina atamutsina khutu. Anati akapeza gasi m'kachipindamo pofika Lachisanu, onse asamuke.

Kalanga, Amidu! Nyumba ku Doha sapeza ngati bowa. Anavala chisoti cha kuntchito, n'kutenga hamala. Anzake onse anakaima kutsidya kwa msewu, Rukia namwino ali patsogolo ndi mabandeji.

Loko anathyoka. Tizitini mbwee, m'matumba mpaka kudenga. Amidu ananyamula kamodzi. Kanali kopepuka, koboola pansi. Kachiwiri chimodzimodzi. Anakhuthula thumba lonse, lina, linanso, osapeza ngakhale kamodzi ka gasi. Apo ndiye anakumbukira tiyi uja a Wickson ankawiritsa panja m'mawa uliwonse. Anali kumalizitsa gasi wotsalira, kachitini kakatheratu n'kukaboola.

Anakhala pansi n'kuseka mpaka chisoti kugwa. "Bwerani, anthu inu! Mulibe kanthu!"

Kuseri kwa chitseko kunali kapepala. Panali nambala ya wogula zitsulo zakale, ndipo m'munsi mwake a Wickson analemba kuti: "Amidu, Eveless ali kukhitchini. Umudzazitse ndisanabwere." Kuseka kunathera pomwepo.

Nyumba inapulumuka. Masiku ano Amidu amatsamira khoma lija mtima uli m'malo, ndipo kuchipululu munthu amadya nyama yake popanda womulalikira. Kunena zoona, tinapuma. Kungoti ulendo umatalika, m'galimoto muli zii, Eveless ali pamiyendo pa Amidu.

Lachisanu lapitali Amidu anaona kachitini kakunyezimira mumchenga. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuwerama msangamsanga.

"A Wickson!" anakuwa Rukia.

Amidu anapukuta mchenga pakachitiniko, n'kuyankha kuti, "Wawa."