Chaka chimene a Ndalawa anapopera magwafa

A Ndalawa sankakhulupirira pepala. Ankati zolembalemba ndi bodza la anthu aulesi, ndipo akagula botolo lililonse, kaya la mafuta, kaya la mankhwala a chifuwa, ankayamba ndi kukanda chipepala chake ndi chikhadabo mpaka botolo litsale mbee. Ankakhulupirira lilime lawo basi, ndipo dzinalo linachokera pomwepo. Mkaka ukakayikitsa anthu ankaitana iwo. Mabatire a wailesi ankawanyambita kuti adziwe ngati atha. Tsiku lina analawa penti wa pakhoma, n'kumuthamangitsa mmisiri kuti wathiramo madzi.

Iwowa anali osamalira nyumba zisanu za lendi zimene timakhalamo. Kuseri kwake kuli mpopi umodzi, chingwe choyanikira zovala, ndi mtengo wa magwafa umene nthambi zake zimafika pa zenera la chipinda changa.

Lachiwiri lina m'mawa ndinawaona atabereka mpope kumsana, akupopera udzu pansi pa mtengowo. Kunali mphepo yoti zovala pachingwe zinkachita kuvina. Mankhwala ankauluka ngati utsi kulowa m'nthambi, magwafa n'kumanyezimira ndi chinyontho. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilankhule, koma ndinangotseka zenera. Ndi mmene ndilili ine.

Vuto linali lakuti achemwali anga anali oyembekezera, miyezi isanu ndi iwiri, ndipo m'mimba mwawo simunkakhazikika kanthu kupatula magwafa a mtengo umenewo. A kumsika ankati akununkha thumba. Masana ndinawaona achemwaliwo akutuluka ndi mbale. Ndinawalanda mbaleyo.

"Iwe, wapenga?"

"Magwafawo awapopera mankhwala a udzu. Ndaona ndekha."

A Ndalawa anali pampopi, ndipo anamva. Anabwera akupukuta manja pa malaya.

"Ndani akunyoza magwafa anga? Ndiwe, wamabuku? Kodi umalankhula?"

"Agogo, mankhwala aja dzina lake ndi chiyani?"

"Dzina? Ukufuna uwakwatire?"

Anathyola gwafa, osalitsuka, n'kuliluma pamaso pa anthu onse a pabwalopo. Anatafuna atatsinzina ngati munthu akupemphera.

"Palibe kanthu. Dyani, mayi. Ine si udzu, inunso si udzu."

Anthu anaseka. Mayi wa nyumba yachitatu, wosoka zovala, anati sukulu ikachuluka munthu amaopa ndi mthunzi wake womwe. Koma mbale sindinabweze.

Ndinatenga botolo la mankhwala aja kuseri kwa bafa n'kupita nalo kusitolo ya zaulimi. Mayi wogulitsa analitembenuza uku ndi uku.

"Chipepala chake chili kuti?"

"Anachikanda."

"Ndiye ine ndilote? Mankhwalawa ndi ambirimbiri, mwana wanga, ndipo malangizo ake amalembedwa pa chipepala chomwecho. Popanda dzina sindingakuuze kuti tsukani mudye, kapena dikirani masiku angati. Magwafa amene anyowa tayani. Woyembekezera asayerekeze n'komwe."

Nditabwerera ndinapeza a Ndalawa atakhala pa njerwa pansi pa mtengo, akudya gwafa lachisanu ndi chitatu. Ankawerenga mokweza kuti ndimve.

"Wamabuku, tabwera uone maliro! Ndafa kodi?"

Zinatenga masiku atatu. Iwo kudya, ine kulondera. Achemwali anasiya kundilankhula. Ankangokhala pakhomo, mapazi atatupa, maso ali pamtengo. Ndikapita kukasamba ndinkathamanga ngati ndasiya mkaka pamoto. Pofika Lachisanu udzu unali utafiira, ndipo masamba a nthambi za m'munsi anayamba kupiringizika. Ndinawasonyeza a Ndalawa.

"Ndi dzuwa limenelo," anatero.

Apa ndiye chinandikwana. Mawu anatuluka okha, aakulu kuposa ine.

"Agogo, inu mumalawira mimba yanu. Nanga mwana ali m'mimba mwa achemwaliyo mwamulawira ndinu? Akabadwa ndi vuto mudzati ndi dzuwa?"

Makina a wosoka zovala anaima. A Ndalawa anayang'ana gwafa linali m'manja mwawo, kenako mimba ya achemwali, n'kupita kunyumba kwawo.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi phokoso la khasu. Pa zenera ndinawaona akukumba dzenje pafupi ndi mpanda. Mtengo wonse anali atauyeretsa, ndi timagwafa tanthete tomwe, ngakhale a pamwamba penipeni pamene sindikudziwa kuti munthu wa zaka zawo anafikapo bwanji. Anawakwirira onse m'dzenjemo, n'kupondaponda. Achemwali atatuluka n'kuona mtengo uli mbuu, analira ngati aferedwa.

"Musalire, mayi," anatero a Ndalawa. "A chaka chino anali owawasa. Osayenera munthu."

Za mankhwala sanatchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ine anakhala mwezi wathunthu osandiyankha moni, ndipo achemwali nawo anandisungira mkwiyo mpaka tsiku lochira. Anabereka mwana wamkazi, wonenepa, wamawu ngati wenzulo.

A Ndalawa anamwalira chaka chatha, mtima unangoima ali pampando. Mwini nyumba sanalembe munthu wina. Udzu timazula tokha Loweruka, misana ikuwawa, wosoka zovala akudandaula kuti kale kunali anthu odziwa ntchito, ngati si iye amene ankaseka. Pabwalo pakhala bata lotopetsa, palibe wokangana naye. Mwana uja tsopano akuyenda, ndipo gwafa likagwa amalitola n'kuthamanga nalo kwa ine kuti ndimutsukire. Ndimatsuka pampopi, ndikadali wokwiya pang'ono, chifukwa nkhalamba ija inapita isanandiuze kuti ndinkanena zoona, inenso ndisanaiuze kuti zikomo.