Fita ya Alamu ndi Mbuzi ya Eni Ake

Mukandiona ndikulimira amayi amasiye Loweruka lililonse, musati ndine woyera mtima. Inandilowetsa m'gulumo ndi mbuzi.

Masiku amenewo ku Fonte Boa kunali gulu la abambo a mpingo ovala kansalu kofiira m'khosi, kaja timati fita. Ankazonda odwala, kukumba manda, kulimira amasiye. Pamsika, thumba la munthu wa fita silinkapisidwa. Enafe ogula ankapisa mkono mpaka m'khwapa (ndipo sankalakwa).

Tsiku lina alamu anga a Zuze atagona ndi malungo, ndinabwereka fita yawo osawauza. Ndinamanga thumba la mbatata za kachewere panjinga, ulendo wa ku Domwe. Pamwamba zosalala, pansi zoola.

Ndisanamasule n'komwe thumba, mayi wina anatula dengu. "Bambo a fita, mundionereko nyembazi." Wina anatsamiritsa njinga. Kenaka nkhalamba ina inandigwiritsa chingwe cha mbuzi, osafunsa ndi dzina lomwe. Ine, amene amayi ondibala sankandisiyira ngakhale nkhuku!

Kunabwera wogula wa pakantina. Tili mkati molimbana pamtengo (zikafika pamenepo ine sindiona china), mbuzi ija inaluma kunsi kwa thumba n'kukoka. Thumba kwee! Zoola zonse mbwee, fungo lake agalu kuthawa.

Ndinayang'ana kothawira, poti wonyenga pamsika ankathera kwa asipayo, apolisi a atsamunda aja, manja atatupa ndi thabwa lawo lomenyera lotchedwa mbalamatodya. Koma mayi wa nyemba uja anagwira pakamwa.

"Kalanga ine! Wakugulitsani zimenezi ndani, bambo? Anthu alibe manyazi, kunamiza munthu wa fita!"

"Dziko laipa, mayi," ndinatero, nkhope ili yamaliro.

Anayamba kundisonkhera, uyu nyemba, uyu chimanga. Ndinkati ndapulumuka. Mpamene anatulukira a Pasikwale, mkulu wa gulu lija. Anagwira fita ija, n'kuitembenuza, n'kuona pomwe mlongo wanga anasoka ndi ulusi wakuda.

"Iyi ndi ya a Zuze," anandinong'oneza. "Ndinene pompano, kapena tikuoneni Loweruka ndi khasu?"

"Nthawi yanji, bambo?"

Lero fita ndili nayo yangayanga, ndipo m'thumba mwanga sapisa munthu. Zoola ndinaleka kuika pansi, koma musati ndi mantha a Mulungu. Kungoti wa fita amasiyiridwa mbuzi msika uliwonse.