Chifuwa cha a Hedley Trembath

A Hedley Trembath ankatsokomola pa nthawi yake. Anthu ena chifuwa chimawagwira mwadzidzidzi, koma cha iwowa chinkadziwa nthawi imene basi ya alendo imafika kuno ku Carnvellan. Basi ikangoima pakhomo pa sitolo yanga, mumamva kho! kho! kho! kuseri kwa nyumba ya injini ya mgodi wakale, kenako mkuluyo n'kutulukira, chipewa cha mumgodi kumutu, dzanja pachifuwa, akukoka miyendo. Basi ikachoka, chifuwa nachonso chinkaweruka.

“Fumbi la pansi, mayi,” ankatero akaona mlendo wa nkhope yachifundo. “Mapapo anga ndinawasiya komweko.”

Chimene a Hedley anasiya kumgodi ndi mkodzo basi. Nkhaniyi ngakhale agalu a m'mudzi muno ankaidziwa. Ali mnyamata, tsiku loyamba kuntchito, analowa m'chikepe ndi anzawo, ndipo chisanayambe n'kutsika komwe anayamba kukuwa kuitana amayi awo, buluku litanyowa mpaka m'nsapato. Kapitawo anawatulutsa n'kukawaika m'chipinda cha nyali. Ntchito yawo inakhala yomweyo, kupereka nyali m'mawa n'kuzilandira madzulo, mpaka mgodi wa tini unatsekedwa.

Amuna enieni a pansi sankatsokomola kuti wina amve. Ankatsokomolera m'mipango, mobisa, ndipo anapita mmodzimmodzi kuseri kwa tchalitchi. Pachoka mnzako pali malo. Womaliza atangoikidwa, a Hedley anapukuta chipewa chimene sichinagundepo thanthwe n'kudzilengeza kuti ndiwo munthu wa mumgodi yekhayo wotsala.

Pakati pa mudzi pali chimwala chachitali cholembedwa mayina a amuna amene anagwira ntchito pansi. Munthu akamwalira, akazi amasiye a anthu a mumgodi amakumana m'holo ya tchalitchi n'kugamula ngati dzina lake lisemedwe. A Hedley analibe mkazi, analibe mwana, ndipo chimene ankafuna padziko lapansi ndi mzere umodzi pamwala umenewo. Ndinkawaona ali chigwadire pamenepo, akuyeza ndi zala ngati Trembath angakwane pamalo otsala. Tsoka lake, wapampando wa amasiyewo anali mayi Loveday Nankervis, amene anakulira nawo msewu umodzi ndipo ankawadziwa mpaka kukhosi.

Kudyera alendo ankakutha, zimenezo sindiwamana. Ankabwera nawo m'sitolo mwanga kudzagula mapasite, buledi wokutira nyama ndi mbatatesi wokhala ndi khoko lolimba m'mbali, n'kuwaphunzitsa kagwiridwe kake.

“Gwirani kukhoko kuno. Khoko sadya ayi, ndi la mizimu yogogoda pansi. Mukawamana eni mgodi, denga limakugwerani.”

“Nanga tikalitaye kuti?” alendowo ankafunsa, maso ali tong'o.

“Sonkhanitsani muno m'chipewa, ndikawaponyera ndekha. Anthu achilendo sawafuna.”

Mizimuyo inali ndi mano oikirira ndipo inkadyera kuseri kwa nyumba ya injini. Tsiku lina ndinawapezerera pakamwa pali tho.

“A Hedley, kodi mizimu yakhuta?”

“Ikuti mchere wachepa,” anatero, osachita n'komwe manyazi.

Koma chimene chinkawawawa mayi Loveday si makoko. Malemu amuna awo, a Wesley Nankervis, ndiwo anatulutsa anzawo amoyo chaka chimene anthu a pansi anaboola mwangozi mgodi wakale wodzaza madzi. A Wesley sankakonda kulankhula. Nkhaniyo anaifotokoza yonse kamodzi kokha, m'chipinda cha nyali, akadali kunjenjemera, ndipo amene anawafunditsa bulangete anali a Hedley. A Wesley atamwalira, nkhani ija inasintha mwini. Alendo ankaimva a Hedley ataimirira pa chimwala chija, akuti “ine” paliponse pamene panali Wesley.

Mayi Loveday sankalola kuti ifike patali. Ankatulukira ndi dengu lawo, n'kuima kumbuyo kwa alendo ngati nawonso abwera pa basi.

“Nyali zinazima,” a Hedley ankatero, mawu akunjenjemera. “Madzi anandifika m'chiuno...”

“Amenewo ndikuwakumbukira, Hedley. Anayambira m'chiuno kutsikira kunsapato.”

Ife a pamudzi tinkafa nazo, ena mpaka kugwira khoma. Alendo ankangoyang'anana, ndipo a Hedley ankathawira m'chifuwa chawo, kho! kho! mpaka woyendetsa basi ataliza hutala.

“Loveday, udzandikumbuka,” ankatero anthu atapita.

“Ndikukumbukiranji, ndiwe tsiku lobadwa langa?”

Chaka china kunabwera galimoto ya achipatala yojambula m'chifuwa anthu onse amene anagwirapo ntchito kumgodi. Munthu wanzeru akanadwala m'mimba tsiku limenelo. Koma a Hedley bodza lawo anali atalikhulupirira okha, moti anali oyamba pamzere, atavala suti ya Lamlungu. Namwino wake anali mtsikana wa kutali, wosadziwa kanthu, ndipo zotsatira zitabwera anawauza mokondwa pakhomo pa holo, anthu akumva.

“Bambo Trembath, muli ndi mwayi! Mapapo anu ndi oyera ngati a khanda. Simungadziwe n'komwe kuti munalowapo mumgodi.”

Lamlungu lotsatira, nthawi ya mapemphero oyamika, mayi Loveday anaimirira.

“Atate, tikuyamika chifukwa cha mbale wathu Hedley, amene mwamuchiritsa matenda amene sanadwalepo. Amuna athu munawatenga, koma uyu mwatisiyira. Nzeru zanu n'zozama, ife sitingazimvetse.”

“Ame” wake anamveka mpaka kunyanja. A Hedley anakhala chiweramire, makutu ali psu. Sabata yonse sanatsokomole, ndipo basi zinkawapeza atadzitsekera m'nyumba. Kenako chifuwa chinabwerera, chokulirapo kuposa kale. Ankauza alendo kuti fumbi lawo linalowa mozama kwambiri moti makina sangalione.

Pansi pa mudzi wathu m'pamphako pokhapokha. Makolo anakumba paliponse, n'kumatseka maenje ndi matabwa n'kuthirapo dothi, ndipo matabwa amaola. M'mawa wina a Hedley akukumba mbatatesi kuseri kwa nyumba yawo, munda unangotseguka. Mayi woyandikana nawo akuti anaona chipewa chikutsika, fosholo n'kutsatira.

Mudzi wonse unakhamukira kumeneko. Ozimitsa moto anamanga zingwe, akutikalipira kuti tisayandikire. Pansi pa dzenjelo, mumdima, munkamveka mawu aang'ono.

“Musasunthe, bambo, tikubwera!” anakuwa mkulu wa ozimitsa moto. “Mwavulala pati?”

“Zisiyeni zimenezo. Itanani Loveday!”

Anabwera nawo atawagwira mkono, chifukwa miyendo inali itayamba kuwavuta. Anaima pamene chingwe chinawalola n'kusuzumira.

“Loveday! Ndi iwe? Ndatsika, Loveday! Ukuona? Ndili pansi!”

Mayi Loveday anayang'ana dzenjelo.

“Ndikuona. Wanyowa?”

A Hedley anawatulutsa masana, msana utathyoka, nkhope ili mbuu ndi fumbi lenileni la pansi. Namwino wa mu ambulansi atafuna kuwapukuta, anamukankha dzanja. Ndinakawaona kuchipatala mumzinda nditanyamula pasite, imene sanathe kudya ngakhale khoko lake. Sanafunse za nyumba yawo, sanafunse za msana.

“Amasiye aja akumana liti?”

“A Hedley, amakumana munthu akafa.”

“Chabwino,” anatero, ngati ndawauza nthawi ya basi. Lachinayi lake anamwalira.

Pamsonkhanowo ine ndinali wothira tiyi, choncho ndinamva zonse. Amasiye anali atatsala ochepa, okwana tebulo limodzi. Ena mitima inali itafewa. Mayi wina anati munthuyo dzenje la mgodi ndi limene lamupha, ndiye vuto lili pati? Wina anati malo alipo, ndipo palibenso mwamuna wina amene adzawafune. Mayi Loveday anawasiya alankhule mpaka tiyi anazizira.

“Amuna athu ankatsika m'mawa uliwonse akudziwa chimene chili pansipo,” anatero. “Ankalandira nyali m'manja mwa ameneyu, iye n'kutsala pamoto. Uyu sanatsike. Wagwa. Mukamulemba, mufufute Wesley.”

Dzina silinasemedwe. A Hedley tinawaika kumapeto kwa manda, pafupi ndi mpanda, ndipo chipewa chawo chinatengedwa ndi a nyumba yosungira zakale, amene anachiika m'galasi n'kulembapo kuti chinali cha munthu wa mumgodi wosadziwika. Musandifunse ngati amasiyewo analakwa. Mwala ndi wawo, amuna anali awo.

Basi zimabwerabe. Tsopano alendo amavala timakina m'makutu, ndipo mawu a munthu wa ku London amawauza chaka chimene chumuni cha mgodi chinamangidwa. Amazungulira nyumba ya injini mwakachetechete ngati ali pamaliro a munthu wosamudziwa, amajambula chimwala chija, amadya pasite yonse ndi khoko lomwe. Mayina amawawerenga, koma palibe wowauza kuti uyu ankaimba pokwera chikepe, uyu ankaopa mkazi wake kuposa thanthwe. Wonama uja ankawadziwa onse, chifukwa nkhope iliyonse inkadutsa pawindo lake la m'chipinda cha nyali. Ndimamusowa, ndipo zimandinyansa kuti ndimamusowa.

Mayi Loveday akalamba kwambiri, mutu wayamba kutaya zinthu. Masiku ano amakhala pampando wa pakhomo pa sitolo yanga kudikira basi, dengu lili pamiyendo, ngakhale kulibenso munthu woti amudule mawu. Mwezi wathawu mtsikana wina wa pa basi, amene ankafufuza za makolo ake, anawafunsa ngati akudziwa wina pamwalapo.

“Wesley Nankervis, mwamuna wanga. Anatulutsa anzake madzi atalowa mumgodi.”

“Zoona? Anawatulutsa bwanji?”

Mayi Loveday anatsegula pakamwa. “Nyali zinazima. Madzi anamufika m'chiuno...” Anaima. Milomo inkayenda koma mawu osatuluka. Kenako anatembenukira kwa ine, maso ali ndi mantha amene sindinawaonepo mwa iwo.

“Iwe, kenako zinatani? Hedley ankati anatuluka bwanji?”

Ndinafufuza m'mutu monse, osapezamo kanthu. Ndinatuluka kukafunsa wogulitsa nyama, ndinafunsa woimba limba kutchalitchi, ndinafunsa aliyense wa imvi amene ndinakumana naye mumsewu. Onse nkhaniyo ankaidziwa bwinobwino mpaka m'chiuno.

Nditabwerera, basi inali itapita. Mayi Loveday anali akadali pampando paja, akuyang'ana njira yochokera kunyumba ya injini.

“Usavutike,” anatero. “Akabwera timufunsa.”